Nsomba yoyera ya pa chithunzi ija: mlamba, mkunga kapena chani?

Nabanda wa ku Santhe: Mwaswera bwanji abale anga. Chithunzi ichi chikungozungulira mmagulu kuyambira dzulo, akuti nsomba imeneyi aigwira ku Nkhotakota pansi penipeni pa nyanja, yoyera mbee, maso ake osaoneka bwino, mutu waukulu thupi nkumanka liwonda mpaka kumchira. Ena akuti ndi mlamba woyera ena akuti ndi zamatsenga. Amene mukudziwa tithandizeni, ana kunyumba kuno akana ndiwo za nsomba chifukwa cha chithunzi chimenechi

Amalume a ku Bua: Nabanda mwana wanga, mlamba ndimaudziwa ine, ndakulira pa Bua ndi mono ndi mbedza. Umenewo si mlamba. Mlamba mutu wake ndi wophwatalala wa fupa lolimba pamwamba, ndevu zake zisanu ndi zitatu kuzungulira kamwa, ndipo mchira wake umaoneka pawokha wobulungira. Iyi mutu ndi wotupa ndipo mchira wangothera nsonga. Mwina mkunga koma mkunga woyera chonchi ayi

Jere Nkhamenya: zopanga pa kompyuta izi, masiku ano chilichonse akumapanga

Mphunzitsi wa Bio: Mwaswera bwanji nonse. Amalume mwaona bwino, si mlamba. Koma si mkunganso, ndipo a Jere si yopanga ayi, nsomba zooneka chonchi zilipodi. Bodza lili pa nkhani ya Nkhotakota. Iyi ndi nsomba ya mnyanja yamchere, ya banja lomwe asayansi amalitcha Ophidiidae, pa chizungu amati cusk-eel. Mitundu yake ndi yoposa 200 ndipo yambiri imakhala pansi kwambiri komwe dzuwa silifika. Mnyanja ya Malawi mulibe ngakhale umodzi.

Tandilolani ndikuonetseni poyang'ana, chifukwa chimene chimandisangalatsa pa nsombayi ndi choti chizindikiro chake chachikulu ndi kanthu kakang'ono koti munthu ungakadumphe. Kulitsani chithunzicho muyang'ane kunsi kwa chibwano, chapakhosi. Muona timaulusi tiwiri tikulendewera. Anthu ambiri amati ndi ndevu nde nkumathamangira kunena kuti mlamba. Si ndevu zimenezo. Ndi zipsepse, zomwe zija pa chambo kapena pa mlamba zimakhala kumimba ziwiriziwiri. Pa cusk-eel zinasunthira kutsogolo mpaka pakhosi ndipo zinachepa nkutsala ngati ulusi basi. Mkunga weniweni zipsepse zimenezi ulibiretu, pamimba pake ndi posalala kuchokera kumutu mpaka kumbuyo. Nde ukangoona timaulusi timeneti pakhosi wadziwa kale kuti si mkunga.

Chachiwiri ndi chomwe anena amalume, chipsepse cha pamsana ndi cha kunsi zimayenda ulendo wonse nkukalumikizana ndi cha kumchira, palibe podukira. Pamenepa imafanana ndi mkunga koma imasiyana ndi mlamba. Chachitatu, kumbali kwa mutu komwe nsomba imapumira, pa mkunga ndi kabowo kakang'ono pomwe pa iyi ndi potseguka kwambiri

Amalume a ku Bua: Aphunzitsi za mkunga mwanenadi zoona, pamimba pake palibe kanthu, ndi chifukwa chake umavuta kugwira ndi manja umangopulumuka. Koma timaulusi timeneto imapanga nato chani poti kusambira nato sikungatheke

Mphunzitsi wa Bio: Imakhudzira nato pansi amalume. Ikamayenda pafupi ndi matope timaulusito timakhala tikukwekwereza, ikamva kanthu kamoyo nkutola. Komwe kulibe kuwala maso sathandiza kwambiri, chimathandiza ndi kukhudza, kununkhiza ndi kumva kugwedezeka kwa madzi

Achimwene a ku Cape: Eee dikirani kaye. Ine kuno ndimagwira ntchito mkhitchini ya lesitilanti ndipo pali nsomba ina timaikonza pafupifupi tsiku lililonse dzina lake kingklip, yaitali yofiirira ya mawangamawanga, yoterera heavy, ndipo kunsi kwa chibwano ili ndi timaulusi tiwiri ndendende zomwe mukunenazi. Azungu amaikonda koopsa ndi yodula kuposa hake. Ndi yomweyi kapena?

Mphunzitsi wa Bio: Achimwene mwatithandiza kwambiri, banja lake ndi lomweli. Kingklip dzina lake la sayansi ndi Genypterus capensis, imapezeka kuyambira ku Namibia kuzungulira Cape mpaka kummawa kwa South Africa, ndipo imakula kupitirira mita imodzi. Kungoti iyo siipita pansi kwambiri, imathera cha mma 500 mita. Ili ndi maso abwinobwino ndi mnofu wolimba nchifukwa chake imadyedwa. Abale ake a pansi penipeni mnofu wawo ndi wofewa wamadzimadzi, mafupa opepuka, mtundu wotuwa kapena woyera. Mawa mukamaikonza muiyang'ane mchira, muona zomwe ndanena zija kuti zipsepse zonse zakumana kunsonga

Achimwene a ku Cape: sindikudikira mawa, ndalowa mu cold room pompano, zili choncho ndithu. Chipsepse cha pamsana chafika mpaka kunsonga osaduka. Ndatumiza chithunzi onani

Mayi a Tadala: Zikomo aphunzitsi. Ine funso langa ndi la mamba. Ife a Sabata mlamba sitidya poti pa Levitiko 11 akuti za mmadzi zodyedwa ndi zokhala ndi zipsepse ndi mamba. Nanga iyi ili ndi mamba? Pa chithunzi cha achimwenewa ikuoneka yosalala

Mphunzitsi wa Bio: Mayi, za kudya kapena kusadya mufunse akuluakulu a mpingo, ine ndingoyankha za thupi lake. Mamba ili nawo, ndi ang'onoang'ono kwambiri ndipo amabisika ndi nembanemba yoterera ija nde ukaiona patali umayesa ilibe. Mlamba ulibe mamba ngakhale limodzi. Ichinso ndi chizindikiro china chowasiyanitsa

Jere Nkhamenya: Chabwino ndavomera kuti ilipo. Koma mukukana bwanji motsimikiza chonchi kuti mnyanja yathu mulibe? Nyanja ya Malawi ndi yakuya aphunzitsi, cha ku Nkhata Bay uko amati mamita 700, ndani anafikako pansi nkuona kuti kulibe

Mphunzitsi wa Bio: Funso labwino a Jere ndipo mamita 700 mwanenawo ndi oona. Koma pali zinthu ziwiri. Choyamba nyanja yathu ndi ya madzi opanda mchere ndipo banja la nsombazi ndi la mnyanja yamchere. Chachiwiri, chomwe anthu ambiri sadziwa, mnyanja ya Malawi ukangopitirira mamita 200 kufika 250 kupita pansi madzi ake alibe mpweya wa okosijeni. Kuno kumatentha chaka chonse, madzi apamwamba ndi ofunda komanso opepuka, apansi ndi ozizirirapo komanso olemera, nde sasakanikirana mpaka pansi. Zinthu zakufa zikamamira zimaola nkumaliza kampweya konse komwe kanaliko. Ndiye kuti gawo lalikulu la kuya kwa nyanja yathu mulibe nsomba iliyonse. Ndunduma ndi bombe zomwe timati ndi za pansi zija zimathera pamwamba pa malire amenewo.

Nyanja yamchere ndi yosiyana. Kufupi ndi Antarctica komanso kumpoto kwa Atlantic madzi amazizira kwambiri ali pamwamba, amatenga okosijeni wambiri, kenako chifukwa cha kulemera amamira nkumayenda pansi pang'onopang'ono kufalikira nyanja zonse. Nchifukwa chake pa mamita 6,000 mnyanja yamchere nsomba ikupuma bwinobwino pomwe pa mamita 400 ku Nkhata Bay singakhale ndi moyo

Amalume a ku Bua: Koditu. Anzathu a ku Nkhotakota amanenadi kuti ukatsitsa kwambiri chingwe pakati pa nyanja nyambo imabwera osakhudzidwa

Nabanda wa ku Santhe: mamita 6,000?? aphunzitsi ndiye kuti makilomita 6 kupita pansi? nsomba ingakhale kumeneko?

Mphunzitsi wa Bio: Kupitirira pamenepo achemwali. Ndipo apa ndi pomwe banja limeneli linatchukira. Mu 1970 sitima ya kafukufuku ya ku America yotchedwa John Elliott Pillsbury inatsitsa khoka mphompho la pansi pa nyanja lotchedwa Puerto Rico Trench ku Atlantic, khoka linafika mamita 8,370. Potulutsa munali kansomba kakang'ono ka banja lomweli. Mu 1977 katswiri wa nsomba wa ku Denmark, Jørgen Nielsen, ndi amene analemba za mtundu umenewu nkuupatsa dzina loti Abyssobrotula galatheae, kukumbukira sitima ya kwawo Galathea yomwe inazungulira dziko kufufuza za pansi pa nyanja kuyambira 1950 mpaka 1952. Kansomba kake sikafika ndi masentimita 20 omwe, kamutu kotupa, timaso tating'ono, kamadya nyongolotsi za mmatope ndi tizilombo ta mtundu wa nkhanu. Kwa zaka zambiri mabuku akhala akulemba kuti iyi ndiye nsomba yopezeka pansi kuposa zonse. Kuti muone kuya kwake, Sapitwa pa Mulanje ndi mamita 3,002, nde mukanasanjikiza mapiri amenewo awiri pansi pa phomphopo mukanatsalabe ndi madzi opitirira makilomita awiri pamwamba pake

Chiko Form 4: Aphunzitsi mwaswera bwanji, pepani kulowerera pa nkhani ya akuluakulu. Ine ndinaona pa YouTube akunena kuti nsomba ya pansi kuposa zonse ndi snailfish ya ku Japan osati imeneyi. Zoona ndi ziti

Mphunzitsi wa Bio: Lowerera Chiko, gulu ndi la tonse, ndipo wafunsa pamalo oyenera. Nkhani yake ili pa khoka lija. Khoka la mu 1970 linali losatseka kukamwa, limatsika lili yasa nkukweranso lili yasa. Ndiye ngakhale linafikadi pa 8,370 palibe umboni woti kansombako kanalowa lili pansi penipeni, kakhoza kulowa pamene limakwera. Asayansi ambiri lero amakayikira nambala imeneyo pa chifukwa chimenechi, komanso poti anzake a mtundu womwewo akhala akugwidwa pamalo osafika kuya kumeneko.

Za snailfish zija zili ndi umboni wa kamera. Mu 2022 gulu la Alan Jamieson wa ku University of Western Australia pamodzi ndi anzawo a ku Tokyo anatsitsa kamera yokhala ndi nyambo mu Izu-Ogasawara Trench kummwera kwa Japan, nkujambula snailfish ikusambira pa mamita 8,336. Analengeza mu 2023. Apo palibe zokangana chifukwa kamera inali itakhala pansi ndipo kuya kwake kunayezedwa. Ine mmene ndimaonera, nambala ya kamera ndiye yodalirika, ya 1970 tiziitchula koma tizinenanso vuto lake. Snailfish ndi banja linanso, ilibe mamba ndipo ilibe timaulusi ta pakhosi tija

Jere Nkhamenya: kusiyana kwake ndi mamita 34 okha, nde bwanji osangovomera zonse

Mphunzitsi wa Bio: Chifukwa nkhani si kuchepa kwa kusiyana a Jere, nkhani ndi njira yomwe nambalayo inapezekera. Amalume akaponya khoka pa dziwe nkukoka, sangalumbire kuti nsomba iyi inali pansi iyi inali pakati

Amalume a ku Bua: Sindingalumbiredi

Mayi a Tadala: koma nanga osaphwanyika ndi kulemera kwa madzi onsewo? ine kungomira pang'ono pa damu makutu amawawa

Mphunzitsi wa Bio: Makutu amawawa chifukwa mkati mwake muli mpweya ndipo mpweya umafinyika. Presha ya madzi imaonjezereka mamita 10 alionse, pofika pa 8,000 ndiye kuti kamalo ka sentimita imodzi mlitali ndi mlifupi kakusenza makilogalamu pafupifupi 800. Koma thupi la nsombazi ndi madzi kwambiri ndipo madzi safinyika wamba, presha ya kunja ndi ya mkati zimangofanana nde siiphwanyika.

Vuto lenileni lili mkati mwa maselo. Presha ikakula mapuloteni amapindika molakwika nkusiya kugwira ntchito. Nsomba za pansi zimasunga mthupi kamankhwala kotchedwa TMAO komwe kamalimbitsa mapuloteniwo, ndipo ukamatsika kupita pansi nsomba zake zimapezeka ndi TMAO wochulukirachulukira. Achimwene a ku Cape fungo lija nsomba ya mnyanja yamchere imatulutsa ikayamba kugona limachokera pa kamankhwala komweka kakamaphwanyika. Nde mu 2014 wasayansi wina Paul Yancey ndi anzake anawerengera kuti cha pa mamita 8,200 TMAO amakhala wachuluka kwambiri moti thupi la nsomba lingayambe kukoka madzi a mnyanja kulowa mkati mosalekeza. Kutanthauza kuti nsomba zili ndi malire cha pamenepo. Ndipo onani, nambala zonse ziwiri zija, 8,336 ndi 8,370, zili pafupi ndi malire omwewo. Pansi kuposa paliponse, Challenger Deep ku Mariana Trench, ndi pafupifupi mamita 10,900, makamera atsikako kambirimbiri amapeza tizilombo ta mtundu wa nkhanu ndi zina koma nsomba ayi. Jacques Piccard ndi Don Walsh atatsikako mu 1960 ananena kuti aona nsomba yophwatalala pawindo koma akatswiri a nsomba savomereza kuti inali nsomba

Achimwene a ku Cape: za fungozo ndiye ndamvetsa, nsomba za kuno zimanunkha mosiyanadi ndi chambo kapena usipa wa kwathu, ndimadabwa

Nabanda wa ku Santhe: Nanga maso aphunzitsi, akuti ilibe maso

Mphunzitsi wa Bio: Zimatengera mtundu. Ina ili ndi maso aakulu ndithu, ina timaso tating'ono, ina maso anakwiririka pansi pa khungu. Yotchuka pa zimenezi ndi Typhlonus nasus. Sitima ya ku Britain HMS Challenger inaigwira koyamba mzaka za mma 1870, kenako mu 2017 sitima ya ku Australia yotchedwa Investigator inaigwiranso pa mamita pafupifupi 4,000 kummawa kwa dziko lawo, manyuzi nkumalemba kuti nsomba yopanda nkhope. Kamwa yake ili kunsi kwa mutu ndipo imabwerera mkati, maso sakuoneka, nde ukaiyang'ana chammbali umangoona chimutu chobulungira chosalala. Palinso ina Acanthonus armatus, yaminga pamutu, ubongo wake ndi waung'ono zedi poyerekeza ndi thupi koma ziwalo za mkati mwa khutu ndi zazikulu. Kuja kuli mdima, kukuzizira madigiri 1 mpaka 4, chakudya ndi chosowa, nde thupi silisunga chiwalo chodya mphamvu zambiri ngati sichikuthandiza

Chiko Form 4: Aphunzitsi nde ya pa chithunzichi ndi mtundu uti mwa yonseyi? ndikufuna ndiiyike pa dichotomous key, mndandanda wa mafunso a mayankho awiriawiri wozindikirira zamoyo, yomwe tikupanga ku kalasi

Mphunzitsi wa Bio: Pa key yako lekezera pa banja, Ophidiidae, usapitirire. Chithunzi chimodzi sichikwanira kutchula mtundu ngakhale kwa akatswiri enieni, chifukwa ambiri mwa a pansiwa amafanana kwambiri, onse otuwa, onse mutu waukulu mchira wowonda. Nchifukwa chake ukaona mavidiyo a pansi pa nyanja nthawi zambiri amangolemba Bassozetus sp., kutanthauza kuti gulu alidziwa koma mtundu weniweni ukufunika nsombayo ili mmanja. Ikakhala mmanja amawerenga minga ya mchipsepse cha pamsana ndi cha kunsi, amajambula X-ray nkuwerenga mafupa a msana, amawerenga timano ta pa zopumira totchedwa gill rakers, amaona ngati pa chivundikiro cha zopumira pali munga, amaona mmene mano akhalira kudenga la mkamwa, kenako amatulutsa timiyala ta mkhutu totchedwa otolith poti mtundu uliwonse kamwala kake kali ndi maumbidwe akeake. Masiku ano amaonjezera DNA. Ndi ntchito yofuna kudekha ndipo nsomba zake zimafika pamwamba zitanyuka kale ndi khoka, khungu litasupuka, nde ena mwa mitundu imeneyi amadziwika ndi nsomba zowerengeka chabe zomwe zili mmabotolo ku ma museum. Buku lomwe ambiri amayambira ndi la FAO la 1999 lomwe Nielsen yemwe uja analemba ndi anzake.

Ndipo pa key yakoyo usayambe ndi mtundu wa khungu. Ana ambiri mumakonda kuyamba ndi yoyera kapena yakuda, zimenezo zimasintha, mlamba womwe wa mmatope ndi wa mmadzi oyera saoneka chimodzimodzi. Yamba ndi zipsepse za kumimba: zilipo kapena palibe. Palibe, mkunga. Zilipo, funso lachiwiri likhale loti zili pamimba kapena pakhosi

Chiko Form 4: zikomo kwambiri aphunzitsi ndalemba

Amalume a ku Bua: Ine langa lomaliza netiweki isanathawe, kuno ikumavuta madzulo. Nsomba iliyonse timaidziwa nyengo yake yoswana, mpasa umakwera Bua kukaikira mazira, mlamba umatuluka ndi mvula yoyamba kupita mmadambo. Nanga iyi mumdima momwemo yaimuna ndi yaikazi zimapezana bwanji, ndipo ana ake amadya chani

Mphunzitsi wa Bio: Amalume pa abale ake okhala mmadzi osazama, ngati Ophidion marginatum ya kugombe la kummawa kwa America, asayansi anajambula mawu ake. Yaimuna ili ndi minofu yomwe imagwedeza thumba la mpweya la mmimba nkumalira gugugu usiku nyengo yoswana. Ambiri a pansi nawonso akawang'amba amawapeza ndi minofu yomweyo, ndipo pa mitundu ingapo ya yaimuna ndi yaikulu kuposa ya yaikazi, nde akatswiri amaona kuti nazonso zimaitanana ndi mawu.

Banja limeneli limaikira mazira. Pali banja lina lofanana nalo kwambiri lotchedwa Bythitidae lomwe limabereka ana amoyo, yaimuna yake imakhala ndi chiwalo choberekera chooneka, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zomwe amayang'ana powasiyanitsa awiriwa. Tiana ta mitundu yambiri ya cusk-eel sitikulira pansi ayi, timapezeka mmadzi a pamwamba momwe muli chakudya chambiri, toonekera mkati, tina matumbo ake ali kunja akulendewera, kenako tikamakula timatsika. Timasiyana kwambiri ndi makolo ake moti kuti adziwe kuti kamwana aka ndi ka nsomba iti amachita kuwerenga minga ndi mafupa kapena kuyeza DNA

Mayi a Tadala: matumbo kunja koma kali moyo??

Mphunzitsi wa Bio: Eya mayi, makamaka tiana ta gulu lotchedwa Lamprogrammus. Kakakula matumbowo saonekanso kunja. Ndipo mgulu lomwelo ndi momwe muli yaikulu kuposa zonse mbanjali, imafika pafupifupi mamita awiri

Achimwene a ku Cape: mawa ndikamang'amba kingklip nditsegula mutu ndione timiyala ta mkhututo, ndidzaponya chithunzi pano

Chiko Form 4: achimwene mudzaike ka rula pambali podzajambula kuti tione kukula kwake